Galimoto Yomwe Sinagwetse Khoma

Kopolo wa polisi amene anachokera ku boma anaweruza imfa ya Filipo mwendo umodzi ukadali pa njinga. Anayang'ana galimoto, anayang'ana khoma la shedi, anayang'ana mtembo umene anaufunditsa ziguduli za fodya, basi n'kulavula pansi.

"Ngozi iyi," anatero. "Dalaivala anaiwala galimoto m'giya, n'kupita kutsogolo kukapukusa hendulo. Injini italira, galimoto inamudumphira n'kumupanikiza kukhoma. Chamupha ndi chibwana chake. Wachibale ndani pano?"

"Ndine," anayankha Helena, mwana ali kumbuyo. "Ndi alongo anga."

"Kaikeni maliro, mayi. Mlandu palibe."

"Simufunsako anthu?"

"Ndifunse ndani? Khomali?"

Antchito angapo a pa esiteti anaseka, poti wa yunifolomu akaseka pamafunika kumuthandiza. Helena anawayang'ana mmodzimmodzi mpaka mano onse atabwerera m'kamwa.

Unali mwezi wa Juni, chaka cha 1946, nkhondo itangotha kumene. Filipo anali dalaivala wa mzungu wina wogula fodya kufupi ndi Namitete, amene anthu ankamutcha Bwana Chikwakwa chifukwa cha mmene ankasengera mitengo pa msika. Kwa Helena, Filipo sanali dalaivala chabe. Anali mlongo wake mmodzi yekhayo, mwinimbumba, nkhoswe ya banja lake, munthu amene anamulera makolo atamwalira.

Ndipo Filipo ankayikonda galimoto ija koposa mmene amuna ena amakondera akazi awo. Inali yakuda bii, yaitali ngati nkhokwe ziwiri zogonekedwa, mipando yake yofewa ngati mimba ya mwana. Akabwera kumudzi Lamulungu, nkhani inali yomweyo mpaka anthu kuyasamula.

"Lole ya fodya ili ndi masilinda anayi, timigolo momwe petulo amapsera," ankatero, akujambula pansi ndi kamtengo. "Iyi ili nawo asanu ndi atatu, anayi uku, anayi uku, ngati ng'ombe zisanu ndi zitatu m'goli limodzi. Petulo imamwa ngati chidakwa, sindikana. Koma siphonya. Ukangoipukusa theka la mkono, yadzuka. Ikagwira giya yoyamba, palibe choiimitsa."

Sanali mabodza. Helena anaonapo ndi maso ake, nyengo ya mvula, galimotoyo ikuzula lole yodzaza mabelo m'matope a mtsinje wa Namitete, amuna a midzi iwiri atalephera.

N'chifukwa chake pa maliro, amayi akugubuduzika ndi kulira, iye misozi inkamuuma msanga. M'mutu mwake munali khoma.

*

Maliro ataikidwa, mawa lake Helena anabereka mwana wake Jenifer n'kulawira ku esiteti. Amayi ena anamukumbutsa kuti namfedwa sayenda tsiku lometa lisanafike. Iye anati wofuna kumuletsa ayambe wamubwezera mlongo wake.

Galimoto anali ataitulutsa panja n'kuitsuka. Inalibe bala, kupatula chitsulo chakutsogolo chimene chinapindika pang'ono. Helena anaidutsa osaiyang'ana kawiri, n'kulowa m'shedi.

Khomalo ankalidziwa. Iye ndi anzake ndi amene anatunga madzi oumbira zidina zake pa ganyu: zidina zosawotcha, zosanjidwa mzere umodzi, zomata ndi dothi. Khoma lotere kwawo linagwapo ndi ng'ombe imene inkangodzikanda nthiti. Pamene panafera Filipo panali mng'alu, ndi kulowa m'kati pang'ono ngati pokhazika mtsuko. Magazi anali atawakwirira ndi phulusa.

Anagwira mwana kumbuyo ndi dzanja limodzi, n'kuponda khomalo ndi chidendene. Chidina chimodzi chinagwera kuseri, dzuwa n'kulowa.

Anaima chilili. Ng'ombe zisanu ndi zitatu zimene zinazula lole m'matope zilephere kugwetsa khoma loti chidendene cha mayi woyamwitsa chikuliboola? Galimoto yopanda munthu ikanadutsa ndi Filipo, khoma, denga lomwe, n'kukaima m'munda wa chinangwa kuseri uko. Iyi inagunda, n'kuima. Ndiye kuti panali phazi limene linaiimitsa. Ndipo mwini phazi lodziwa poimitsira amadziwanso polowetsera giya.

Mlongo wake sanali yekha.

*

Khitchini ya bwana inali pafupi ndi shedi. Khukhi wake anali Ambrose, bambo wamfupi wochokera kumwera, amene anagwira ntchito kwa azungu nthawi yaitali mpaka ankapepesa ngakhale mphika ukamuwotcha.

"Odi kukhitchini kuno."

"Eee, alongo ake a malemu! Pepani, pepani ndithu. Khalani apo. Ayi, apo ayi, dona amaona pa windo. Apa. Pepani."

"A Ambrose, m'mawa uja munamva chiyani?"

"Ine? Ine ndine munthu wa mbaula, mayi. Makutu anga amakhala mu uvuni."

"Uvuniwo wagundana ndi shedi."

Ambrose anapukuta manja ouma kale pa epuloni. Anasuzumira panja, n'kutsitsa mawu.

"Injini inalira kamodzi, vuuu, ngati mkango. Kenaka phi! Kenaka zii."

"Zii msanga?"

"Msangamsanga. Ndisanatsitse n'komwe thireyi ya buledi."

"Nanga hendulo ankapukusiranji? Alongo anga ankati iyi imadzuka ndi batani."

"Batire yakalamba, mayi. Yatsopano anaitanitsa ku Limbe, koma chiyambire nkhondo katundu amayenda ngati bilimankhwe. Ndiye ndi hendulo basi. Masana injini ikatentha ankaidzutsa yekha. Koma m'mawa wachisanu chonchi pamafunika wina akhale m'kati azikoka kachitsulo ka choko, kothandiza injini yozizira kudzuka. Ndinkakhalamo ndine, pepani. Ankandikhazika ngati bwana, n'kundiopseza kuti, 'Achimwene, chitsulo chachitali chili pakatichi musachikhudze, mungandiphe.'"

"Tsiku lija munakhalamo?"

Ambrose anadzilemba chizindikiro cha mtanda, ufa n'kutsalira pamphumi.

"Amayi Maria andione! Ndinatuluka ndi ufa m'manja, iye akuchokera ku shedi akuti, 'Bwererani ku buledi wanu, achimwene, lero ndapeza wodziwa.'"

"Wodziwayo ndani?"

"Sindinamuone. Shedi inafulatira kuno. Nditathamanga ndinapeza chitseko cha dalaivala chili chitsegukire, munthu mulibe."

"Kopolo munamuuza zimenezi?"

"Anandifunsa kodi? Bwana anati nkhani ithe tsiku lomwelo, msika wa fodya sudikira maliro. Ndine ndani ine, pepani? Ana anga amadya m'khitchini muno."

Helena anadzuka, nakonza nsalu ya mwana. Atafika pakhomo, Ambrose anamutsatira ndi mawu a pansipansi.

"Koma mpando uja, mayi. Dona atalowa anatseka mphuno, mpaka anandikolopetsa ndi sopo. Unkanunkha utsi wa m'chigafa, uja wofukizira fodya, umene sutuluka m'malaya ngakhale uchape. Malemu chigafa sankachiyandikira. Ankati fungo lingalowe m'galimoto."

*

Njira yobwerera kumudzi, cha ku Msundwe, inamutalikira kuposa masiku onse.

Utsi paokha sunali umboni. Mwezi wa Juni mwamuna aliyense wolima fodya ankanunkha chigafa, tsitsi ndi khungu lomwe. Koma mwa onunkha utsiwo, ndani ankadziwa giya? Anayamba kuwatchula mumtima onse oyendetsa galimoto m'dera lonselo. Bwana Chikwakwa anali m'bafa, ndipo sankanunkha utsi. Bambo wa ku mishoni anali pa misa. Dalaivala wa lole anagona ku Lilongwe ndi mabelo. Filipo ndi amene anafayo.

Panatsala mmodzi. Anayesa kumulumpha ngati mmene umalumphira chithaphwi, koma njira iliyonse inkabwerera pa iye.

Rodwell, mwamuna wake. Bambo a Jenifer.

Rodwell anayendetsa malole a asilikali kunkhondo, ku dziko la Bama. Atabwerako anapeza kuti kumudzi kwa mkazi wake nsapato za usilikali sizilemekezedwa. Mkamwini ndi mkamwini, munda ndi wa eni, khasu ndi lake. Munthu woti anawoloka nyanja ankasonkha moto m'chigafa cha abale a mkazi wake, mlamu wake akudutsa pa msewu ali khale pa chiwongolero. Mvula itangosiya, Rodwell anapempha chitengwa, kuti atenge mkazi ndi mwana apite nawo kwawo. Helena sanafune, poti kumbuyo kwake kunali kale zipsera za lamba wa usilikali. Filipo anakana pamaso pa ankhoswe a mbali zonse.

"Alamu, munabwera ndi mkeka, mukafuna kupita mupita ndi mkeka," anatero tsiku limenelo. "Mlongo wanga ndi mwana wake si mabelo okweza pa lole."

Anthu anaseka. Rodwell anasekanso. Helena tsopano anakumbukira kuti kuseka kwake kunathera m'milomo, m'maso simunafike.

Atafika kunyumba, anamupeza Rodwell pakhonde akusankha fodya, masamba aatali uku, aafupi uku.

"Wachokera kuti ndi mwana m'chisanu muno?"

"Ndinakaona pamene anafera alongo anga."

"Ukaone chiyani? Wapita wapita."

Helena anamasula mwana n'kuyamba kumuyamwitsa, maso ali pa zala za mwamuna wake.

"Bambo a Jenifer, kodi uthenga wa maliro unakupezani kuti?"

"Kuchigafa, ungafunsenso? Moto wa fodya suusiya. Ukazima masamba achita nkhungu, ukakula chigafa chapsa. Ndinakhala pomwepo kuyambira mbandakucha."

"Nokha?"

"Ndi mdyerekezi. Wayamba upolisi eti?" Anaseka, namanga kamtolo ka fodya molimba mpaka tsamba kung'ambika. "Bwana wandiitanitsa mawa. Galimoto ngati ija singakhale yopanda dalaivala."

Ananena osadzutsa mutu. Helena anati, "Zikomo, Mulungu wationa." Mwana yekha ndi amene anasiya bere n'kuyamba kulira.

*

Nyumba yoyandikana ndi chigafa inali ya Esnart, msuweni wa Helena, mayi wofulula mowa amene pakamwa pake panalibe chitseko. Helena anamupeza akupera chimera.

"Taonani namfedwa woyendayenda! Wabwera kudzalira kapena kudzalawa?"

"Msuweni, m'mawa umene anafa alongo anga unali kuti?"

"Ndinali kapolo wa mwamuna wako, ukufunsanso! Wabwera tambala atangotsika, nkhope ili chonchi. 'Alamu, tandisonkhezerani moto, m'mimba mwandipotokola, ndikupita kuthengo.' Ine ndi mtima wanga wabwinowu n'kusiya chimera, nkhuku zikuchita phwando. Kuthengo kwake kuti? Dzuwa mpaka kufika apa! Ndinati kapena akubereka kumeneko, tikonze phala la chikuta."

"Anabwerako bwanji?"

"Wefuwefu, thukuta kamukamu m'chisanu chija. Ndipo tandiuza, unaonapo munthu wa m'mimba akuyamba wamanga zingwe za nsapato za usilikali? Wa m'mimba amathamanga osavala nsapato! Akuti, 'Musauze munthu, alamu, n'zamanyazi.' Ine n'kuti manyazi ake ati, ngati kuthengo amapita yekha m'dziko muno..."

Esnart analekera pomwepo. Mwala woperera unaima m'manja mwake.

"Helena. Iwe. Nkhope imeneyo ndi ya chiyani?"

"Anatulukira mbali iti?"

Esnart analoza ndi milomo, monga mwa chizolowezi, asanaganize. Milomo inaloza kanjira ka chidule kopita ku esiteti. Kenaka anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri, chimera n'kumumata m'masaya.

"Mayo ine! Ndinkasonkha moto ine, munthu akupha msuweni wanga? Helena, tiye kwa kopolo. Tiye lero lomwe."

"Kopolo anati ndikafunse khoma. Ndafunsa. Ukuganiza akamva mawu a mkazi wofulula mowa ndi khukhi wonjenjemera, pamene bwana wapeza kale dalaivala?"

"Ndiye utani? Uzigona naye mphasa imodzi?"

"Iwe tseka pakamwa mpaka tsiku lometa. Kamodzi kokha m'moyo wako, msuweni, tseka."

Madzulo a tsiku lomwelo Ambrose anadabwa kumuonanso pakhomo la khitchini. Ulendo uno Helena sanakhale pansi. Anali ndi funso limodzi lokha.

"Chitsulo chija ankakuletsani kukhudza. Munthu akafuna giya yoyamba, amachikankhira kuti?"

*

Tsiku lometa abale onse anasonkhana pa bwalo la nyumba ya malemu. Tsitsi linali litaunjikidwa pansi, mitu ili mbee, adzukulu amene anakumba manda atakhala pamthunzi ndi chipanda cha mowa wa Esnart. Dzuwa litapendeka, anthu anamva kulira kwa injini kumene ankakudziwa bwino. Amayi ena anayambanso kulira, poti kulira kumeneko kunkatanthauza kuti Filipo akubwera.

Galimoto yakuda inakhota pa msewu, inadutsa pakati pa nkhokwe, n'kudzaima kutsogolo kwa mtengo wa mkuyu. Anatsikamo Rodwell. Anali atavala malaya oyera a udalaivala, a mabatani a mkuwa, manja ake ofupika pang'ono chifukwa anasokedwera munthu wina.

Maso onse anagwera pa malayawo. Ngakhale chipanda chinaima m'malere.

"Pepani ndachedwa, ntchito ya azungu," anatero Rodwell, akupukuta fumbi pa galasi ndi chigongono. "Bwana wandipatsa nyumba ya dalaivala. Amake Jenifer, tiye ukaione, uyambe kuzira. Pano palibenso wotiletsa, eti?"

Anayang'ana abale mozungulira. Mwinimbumba anali m'manda.

Helena anadzuka, mutu uli wometa. Anamasula mwana n'kumupereka kwa Esnart.

"Tiyeni, bambo a Jenifer."

Amayi anang'ung'udza. Wina anati, "Manda asanaume n'komwe!" Helena sanacheuke. Analowa kutsogolo n'kukhala pa mpando wofewa uja, manja pamiyendo ngati wa mu tchalitchi. M'galimoto munkanunkha sopo, ndipo pansi pa sopoyo munali utsi.

Rodwell anasuzumira m'kati, anatembenuza kiyi, nagwedeza chitsulo cha giya uku ndi uku, kawiri, katatu, kutsimikiza kuti chili pakati, galimoto sili m'giya. Anali wosamala ndithu. Anatenga hendulo, napita kutsogolo. Kumbuyo kwake kunali thunthu la mkuyu, lalikulu loti amuna atatu sangalikumbatire. Anawerama kuti alowetse hendulo pa bowo lake, mutu wake n'kubisika kuseri kwa mphuno yaitali ya galimoto.

Helena anagwira chitsulo chija. Chinali chofunda. Kumanzere, kenaka kumbuyo, monga ananenera Ambrose. Sanachite mongoopseza. Ankafuna ndithu kuti za m'shedi zija zichitikenso. Anakoka ndi mphamvu ya dzanja limene limasinja chimanga.

Go!

Kanali kaphokoso kakang'ono, koti mlimi sakanakamva. Koma Rodwell anali dalaivala. Mutu wake unadzuka pang'onopang'ono, dzanja likadali pa hendulo. Anayang'ana kudzera pa galasi, naona pamene panali dzanja la mkazi wake. Kenaka anacheuka n'kuona mkuyu.

Helena anatulutsa mutu pa windo.

"Pukusani, bambo a Jenifer. Theka la mkono basi. Injini iyi siphonya."

"Chotsa dzanja pamenepo."

"Bwanji? Ndine mkazi wosadziwa kanthu ine. Pukusani, anthu akudikira."

"Wakuphunzitsa ndani zimenezo? Wakuuza ndani?"

"Wandiuza chiyani?"

Rodwell anasiya hendulo ngati yamuwotcha. Abale anayamba kuyandikira, osamvetsa chimene chikuchitika. Helena anatsegula chitseko, naima pa chopondera cha galimoto kuti onse amuone, ndipo anayankhula ndi mawu amene amaitanira ana kudambo.

"Abale anga, mwamva kuti alongo anga anaiwala giya. Inu munawadziwa. Anaiwalapo chiyani pa galimoto iyi? M'mawa umene uja anauza khukhi kuti apeza wodziwa woti akhale m'kati. Wodziwayo anasiya fungo la chigafa pa mpando. Msuweni, moto wa m'chigafa chathu anasonkha ndani?"

"Ndine!" anakuwa Esnart, mwana ali m'manja. "Ndine, mpaka dzuwa kukwera! Iyeyu anati ali kuthengo, n'kutulukira njira ya ku esiteti ndi nsapato zake!"

"Bodza!" anatero Rodwell. "Mumvera mkazi wa mowa?"

"Munakhala apa," Helena anamenya mpando wa dalaivala ndi chikhatho. "Munadikira awerame. Munakoka chitsulo ichi monga ndakokera ine. Munawaona nkhope pa galasi ili, mlamu wanu, amene anakuitanani mokukhulupirirani. Ndipo munawapondereza kukhoma ngati nsikidzi, osawamvera chisoni ngakhale pang'ono, mpaka nthiti zonse..."

"Ndinaponda buleki ine!" anakuwa Rodwell, mitsempha ili tototo m'khosi. "Ndinaponda! Ndikanafuna, khoma lonse likanagwa!"

Mawuwo anatuluka, ndipo panalibe njira yowabwezera. Anatseka pakamwa mochedwa. Nkhuku ina inadutsa pansi pa galimoto ikujompha, yokhayo imene sinamve.

Adzukulu anaika chipanda pansi. Anadzuka onse pamodzi, amuna a mapewa otambalala, dothi la kumanda likadali m'zikhadabo. Rodwell anayang'ana kumanzere, kunali abale. Kumanja, abale. Kutsogolo kunali galimoto, kumbuyo mkuyu.

"Amake Jenifer," anatero, mawu atachepa. "Ndine bambo wa mwana wako."

Helena anatsika, nalandira mwana kwa Esnart, n'kumubereka mosapupuluma. Anamanga mfundo yapamwamba, kenaka yapansi.

"Mwana ndi wa mbumba ino. Mukudziwa amene anakuuzani zimenezo."

Mkulu wa adzukulu anamufunsa ndi maso. Wina anali atatenga kale chingwe chomangira mbuzi.

"Ku boma mupita naye, akabwereze mawu akewo pamaso pa kopolo," anatero Helena. "Akafike ali wamoyo, ndi pakamwa potha kuyankhula. Zina zonse sindikuona, ndikusamala mwana."

Amunawo anasendera pafupi. Helena anakweza dzanja, iwo n'kuima.

"Dikirani. Malayawo ndi a alongo anga. Muvuleni kaye, angade."